Zipsera za Nyiragongo pa Mzinda wa Goma

Mukatsegula chithunzi cha setilaiti cha kumpoto kwa nyanja ya Kivu, kum'mawa kwa dziko la Democratic Republic of Congo, maso sathamangira pa mzinda ayi. Amayamba agwera pa mizere yakuda yotsetsereka kuchokera pa mapiri awiri n'kumang'amba nkhalango yobiriwira: ina yopyapyala, ina yotambalala, ina yothera panjira, ina yokafika m'madzi. Mapiriwo ndi Nyiragongo ndi Nyamuragira, ndipo mizereyo ndi mmene munadutsa chiphalaphala chamoto. Mzere uliwonse uli ndi chaka chake. Wakuda bii ndi waposachedwapa. Wotuwa wagona zaka zambiri, ndere zaugwira. Umene wayamba kubiriwira ndi wa nthawi ya agogo, ndipo ilipo ina imene nkhalango inaimeza kalekale moti amaitulukira ndi akatswiri okha. Kumunsi kwenikweni, pamene mtunda ukukumana ndi madzi, pali Goma, malata ake ali waliwali, ndipo kungodumpha malire pali Gisenyi wa ku Rwanda. Kuchokera kumwambako simungaloze pamene wina wathera ndi pamene mnzake wayambira.

Masetilaiti a Landsat a masiku ano amadutsa makilomita 705 kuchokera pansi, ndipo iliyonse imabwerera pamalo omwewo pakatha masiku 16. Yoyamba inaponyedwa mu 1972, ndipo kuyambira 2008 aliyense akhoza kutenga zithunzi zake pa intaneti kwaulere. Choncho munthu angathe kusanja zithunzi za Goma motsatana zaka n'kumaona zipsera zikubwera ndi kuzimirira. Chimene chimandigwira mtima ndikamaziyang'ana ndi ichi: m'nkhalango chipsera chimazimirira pang'onopang'ono, chifukwa mitengo imadikira kuti mwala uyambe wafumbutuka, koma mumzinda chimazimirira m'zaka zochepa chabe, ndipo chimene chimachiphimba ndi malata. Woona chithunzi angati bala lapola. Zoona zake n'zakuti mabanja masauzande akhazikika pa njira yeniyeni imene moto unadutsa.

Dera limeneli lili m'chigwa chachikulu chimene chikung'amba Africa pang'onopang'ono, mamilimita ochepa pachaka. Nthambi yake ya kumadzulo ndi imene yasunga nyanja za Albert, Edward, Kivu, Tanganyika, Rukwa ndi yathu ya Malawi. Zivomezi za ku Karonga za mu Disembala 2009, akasupe a madzi otentha a ku Chiweta ndi ku Nkhotakota, ngakhalenso mapiri amoto a Rungwe ku Tanzania, kumpoto kwa nyanja yathu, zonsezi ndi ntchito ya mng'alu womwewo. Ku Kivu mng'aluwo unabala mapiri akuluakulu asanu ndi atatu otchedwa Virunga. Lalitali kwambiri ndi Karisimbi, la mamita 4,507. Ambiri mwa iwo ali duu; awiri okha ndiwo sagona.

Nyanja ya Kivu yeniyeniyo inapangidwa ndi mapiriwa. Kalekale madzi a m'derali ankayenda chakumpoto, kulowera ku nyanja ya Edward ndi ku mtsinje wa Nile. Mapiri atatumphuka pakati pa chigwa, chiphalaphala chawo chinatseka njirayo, madzi n'kuyamba kuunjikana kumbuyo, kumiza zigwa za mitsinje chimodzichimodzi, mpaka anapeza potulukira kum'mwera. Lero amatsika ndi mtsinje wa Ruzizi kukathira mu Tanganyika, ndipo mathero ake ndi mtsinje wa Congo ndi nyanja ya Atlantic. Pa chithunzi zimenezi sizibisika. Magombe a kum'mawa ndi a kum'mwera ndi okhotakhota, odzaza ndi timadzi tolowerera m'kati mwa mapiri, zigwa zomizidwa zija, pomwe gombe la ku Goma, la mwala wa chiphalaphala, ndi lowongokako.

Eni dera sanadikire akatswiri kuti awauze kuti mapiriwa ndi osiyana. M'chipembedzo chakale cha ku Rwanda, otsatira a Ryangombe ankayembekezera kuti akamwalira adzakakhala naye pa phiri lozizira monga Karisimbi, pomwe osalowa m'chipembedzomo ankati malo awo ndi m'moto wa Nyiragongo. Azungu anafika mochedwa. Gustav Adolf von Götzen wa ku Germany anakwera Nyiragongo mu 1894. Mu 1906 atsamunda a ku Belgium anamanga kampu ya asilikali pa Goma, Ajeremani nawo n'kukhala ndi yawo pa Gisenyi, aliyense kulondera malire ake. Mzinda unayamba motero, m'tsinde mwa kaphiri ka m'mphepete mwa nyanja kotchedwa Mont Goma, kamenenso ndi kaphiri kamoto kozima. Mu 1925 nkhalango ya m'mapirimo inakhala paki yoyamba mu Africa, imene ankaitcha Albert, lero Virunga National Park.

Mizere yakuda yambiri pa chithunzi chija ndi ya Nyamuragira, phiri lotambalala la mamita 3,058 limene laphulika koposa ka 40 kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mwamwayi chiphalaphala chake nthawi zambiri chimathera m'paki, kumene kulibe nyumba, ngakhale kuti cha pakati pa 1938 ndi 1940 chinatsika mpaka kulowa m'nyanja pafupi ndi tauni ya Sake n'kusintha gombe. Nyiragongo ndi la mtundu wina. Ndi losongoka, la mamita 3,470, lili pa mtunda wosakwana makilomita 20 kuchokera pakati pa Goma, ndipo m'chidzenje cha pamwamba pake, chotambalala kupitirira kilomita, limasunga dziwe la mwala wosungunuka limene limatha kuwira zaka makumi osazima. Katswiri wina wotchuka, Haroun Tazieff, analiona dziwelo ndi maso ake mu 1948 n'kulitchukitsa kunja. Kwa anthu a ku Goma linali kuwala kofiira pa mitambo usiku, chinthu chimene mwana amakula akuchiona mpaka kusiya kuchilabadira.

M'mawa wa pa 10 Januwale 1977, dzikolo likutchedwa Zaire pansi pa Mobutu, nthiti za phirilo zinang'ambika, ndipo dziwe lonse linakhuthuka pasanathe ola limodzi. Pamenepa m'pamene dziko linadziwa kuopsa kwa Nyiragongo. Chiphalaphala cha mapiri ambiri chimayenda mokwawa, munthu n'kuchisiya m'mbuyo akuyenda wapansi atasenza katundu. Cha Nyiragongo chili ndi silika wochepa kwambiri, amene ndiye amalimbitsa mwala wosungunuka, motero chimathamanga ngati phala la mwana lochuluka madzi likatayikira pamalo otsetsereka. Tsiku limenelo chinafika pa liwiro la makilomita 60 pa ola m'mbali mwa phiri. Chinapeza anthu m'minda ndi m'misewu ya ku Kibati ndi midzi yoyandikana nayo. Chinapeza ngakhale njovu m'nkhalango. Boma linawerenga anthu makumi angapo akufa, pomwe ena a m'deralo ankanena za mazana. Chinaima chisanafike pa bwalo la ndege. Goma nthawi imeneyo anali tauni ya anthu pafupifupi 50,000, ndipo pakati pa iye ndi phiri panali minda ya nthochi ndi nyemba yambiri.

Tsoka lalikulu koposa limene mwala wa Nyiragongo unathandizira silinabwere ndi moto. Pakati pa mwezi wa Julayi 1994, kupulula anthu kwa ku Rwanda kutangotha, anthu pafupifupi 850,000 anawoloka malire kulowa mu Goma m'masiku ochepa chabe. Pakati pawo panali mabanja wamba ogwidwa ndi mantha, panalinso asilikali ndi zigawenga zimene zinali zitangopha anzawo. Anawakhazika ku Mugunga, ku Kibumba ndi ku Katale, pa zigwa za chiphalaphala chakale. Malowo ukawaonera kutali ndi abwino: ndi athyathyathya, ndi otakasuka, ali ndi udzu. Koma pansi pa kadothi kochepa pali mwala wokhawokha. Khasu silingalowe. Piki imanjanja, kubwerera m'manja. Chimbudzi sichikumbika, chitsime sichikumbika, ndipo mvula ikagwa madzi amangolowa m'ming'alu n'kusowa. Anthu ankatunga madzi m'nyanja momwe zonyansa zinkatsikira, ndipo kolera ndi kamwazi zinabuka mwamsanga. M'mwezi woyamba wokha munafa anthu pafupifupi 50,000. Amene anaona amakumbukira mitembo yokulungidwa m'mphasa ndi m'mabulangete, yondandalikidwa m'mbali mwa msewu kudikira malole, chifukwa ngakhale manda sankakumbika. Maenje oikamo anthu ambirimbiri ankaswa ndi makina. Kwa ife amene maliro timawaona ngati udindo wa mudzi wonse, kumva kuti mayi ankasiya mwana wake m'mphepete mwa msewu poti nthaka yakana n'chinthu cholasa mtima. Chaka chomwecho mapiri onse awiri anali atadzuka, ndipo usiku othawawo ankagona akuona kufiira kumwamba.

Mu Okutobala 1994 chombo cha Endeavour cha ku America chinajambula mapiri a Virunga ndi radar kuchokera mumlengalenga, ndipo zithunzizo zinathandiza ofufuza malo okhala anyani akuluakulu a gorila. Zithunzi za masetilaiti za zaka ziwiri zotsatira zikuonetsa chipsera cha mtundu wina: nkhalango ya m'mphepete mwa paki ikudyeka, poti anthu mazana a masauzande ankafuna nkhuni tsiku lililonse. Makampuwo anaphwasuka chakumapeto kwa 1996, nkhondo ina itayamba, khamu la anthu n'kubwerera ku Rwanda wapansi.

Pofika 2002 Goma anali atakula kuwirikiza pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi 1977, ndipo anali m'manja mwa gulu loukira boma la RCD. Minda ija yapakati inali itasanduka mapuloti. M'mawa wa Lachinayi pa 17 Januwale phiri linang'ambikanso, koma ulendo uno mng'alu sunathere pamwamba. Unatsika makilomita pafupifupi 13, kutseguka chigawochigawo kulunjika ku mzinda, mpaka chiphalaphala chinayamba kutumphuka m'minda ya nthochi ya ku Munigi, pakhomo penipeni pa Goma. Chinadutsa pa bwalo la ndege n'kukwirira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a msewu wothamangirapo ndege. Chinalowa m'misewu ya pakati pa tauni, kutentha masitolo, nyumba ndi tchalitchi chachikulu cha Katolika, n'kukagwera m'nyanja, kumene chinapanga kamtunda katsopano pakati pa nthunzi. Mzinda unadulidwa pawiri. Anthu pafupifupi 400,000 anathawa, ambiri kulowera ku Gisenyi, matiresi pamutu, mbuzi pachingwe. Anafa oposa 100, ndipo pafupifupi 120,000 anatsala opanda pogona. Pa 21 Januwale malo ena omwetsera mafuta anaphulika anthu akutapa petulo m'zigubu, n'kupha makumi angapo.

Chimene a mabungwe othandiza sanachiyembekezere n'chakuti anthu anakana kukhala m'makampu amene anawakonzera ku Rwanda. Pasanathe masiku atatu ambiri anali akubwerera, kuwoloka pamwamba pa chiphalaphala chimene chinali chitangouma khungu, pansi pakufukabe, nsapato za pulasitiki zikufewa kumapazi. Ena anawatcha osamva. Ine ndikuona kuti ankadziwa bwino chimene ankachita. Anali ataona ndi maso awo mu 1994 mmene kampu imaphera anthu, ndipo ankadziwa kuti nyumba yosiyidwa m'nthawi ya nkhondo siipeza ilipo, puloti yosiyidwa imapeza mwini wina.

Kumanganso kunachitika pamwamba pa mwala womwewo. M'misewu ina chiphalaphala chinaunjikana mamita awiri, moti nyumba zosanja zimene zinapulumuka zinataya chipinda chapansi, khonde lam'mwamba n'kukhala khomo lolowera. Magalimoto opserera anatsala atamira m'mwala mpaka m'mawindo kwa zaka. Mwini puloti ankayerekeza pamene panali malire ake, n'kuunjika miyala yakuda m'ngodya zinayi, kenaka n'kuimika nyumba ya matabwa, poti maziko sakumbika ndipo matabwa sachedwa. Anyamata anapeza ntchito yoswa mwala ndi nyundo zikuluzikulu n'kumagulitsa milumilu. Lero mipanda ya Goma ndi ya mwala wakuda wobowokabowoka, wopakidwa simenti yoyera m'mizere, ndipo misewu ina anaiyala ndi mwala womwewo wosemedwa. Pa misewu yokhakhala imeneyi m'pamene pamayenda chukudu, njinga yamatabwa yopanda tcheni ndi zopalasira, ya mawilo a mtengo okutidwa ndi mphira wa matayala akale. Woyendetsa amagwada ndi bondo limodzi pathabwa, mwendo winawo n'kumakankha pansi, atanyamula matumba a makala, mbatatesi kapena kabichi olemera makilogalamu mazana angapo, ndipo potsetsereka amaponda kachidutswa ka tayala kumbuyo kuti achepetse liwiro. Anthu a mumzindawo amainyadira moti anaimangira chipilala pa mphambano ina yaikulu. Madzi okha ndiwo mwala sunawapatse njira. Mzinda uli m'mphepete mwa nyanja yakuya mamita pafupifupi 480, koma m'makwalala a kumtunda amayi ndi ana amalawirira ndi zigubu zachikasu kukaima pamzere pa mpopi, kapena kugula kwa anyamata a njinga.

Chipsera cha pa bwalo la ndege chinachedwa kuchoka, ndipo chinadya anthu. Msewu wa ndege unafupika kuchoka pa makilomita atatu kufika pa awiri, khoma la mwala lili kumapeto kwake. Pa 15 Epulo 2008 ndege ya kampani ya Hewa Bora inalephera kunyamuka, n'kupitirira mpanda, kukagwera m'dera la msika la Birere, ndipo anthu pafupifupi 40 anafa, ambiri a iwo ali pansi, pa malonda awo. Ntchito yoswa mwalawo inatenga zaka, ndipo mu 2015 ndege zochokera kunja zinayamba kuteranso.

Funso limene aliyense woona zithunzi amafunsa ndi lakuti: bwanji osasamuka? Mbali ina ya yankho ili pa chithunzi pomwepo, m'kubiriwira kozungulira mizere yakuda ija. Phulusa ndi chiphalaphala zikafumbutuka zimasanduka nthaka yachonde zedi. Kibumba amadyetsa mzinda ndi ndiwo zamasamba, mapiri a Masisi amatulutsa mkaka ndi tchizi chodziwika m'Congo monse, ndipo m'nyanja asodzi amawedza sambaza usiku ndi nyali, kansomba kamene anakabweretsa kuchokera mu Tanganyika cha m'ma 1959, komwe ku Kariba ndi ku Cahora Bassa timakadziwa kuti kapenta. Goma ali pa malire, pali malonda, pali doko lopita ku Bukavu. Mbali inayo ya yankho ndi yowawa. Kwa zaka 30 midzi ya m'chigawo cha North Kivu yakhala ikuwotchedwa ndi magulu a zida, ndipo amene akuthawa amalunjika ku Goma. Kwa munthu amene mfuti inalira pakhomo pake dzulo, phiri limene limaphulika kamodzi pa zaka makumi awiri ndi mdani wapatali. Ndipo wobwera kumene, wopanda ndalama, amapeza malo otsika mtengo kumpoto kwa mzinda, kufupi ndi phiri.

Pali zoopsa zina zimene kamera ya kumwamba siziona. M'malo otsika a m'mphepete mwa nyanja, pakati pa Goma ndi Sake, mpweya wa carbon dioxide umatuluka m'ming'alu n'kudikha pansi, poti ndi wolemera kuposa mpweya wamba. Eni ake amautcha mazuku. Ulibe mtundu, ndipo umapha msanga ana, mbuzi ndi aliyense wogona pansi, pomwe wamkulu woimirira akhoza kudutsa osadziwa kanthu. Nyanja nayo yasunga m'madzi ake akuya mpweya womwewo wochuluka makyubiki kilomita pafupifupi 300, ndi gasi wa methane pafupifupi 60. Chimene amaopa akatswiri ndi chimene chinachitika pa nyanja ya Nyos ku Cameroon pa 21 Ogasiti 1986, pamene mpweya wotere unatuluka mwadzidzidzi n'kupha anthu oposa 1,700 usiku umodzi. Kivu ndi wamkulu kutalitali kuposa Nyos, ndipo m'mbali mwake mumakhala anthu pafupifupi 2 miliyoni. Chiphalaphala cha 2002 chinalowa m'nyanja koma sichinavundule madzi akuyawo, ndipo kuyeza kumene kunafalitsidwa mu 2020 kunasonyeza kuti gasiyo sakuwonjezeka monga ankaopera poyamba. Dziko la Rwanda likumupopa methane uja n'kumapangira magetsi. Fakitale ya KivuWatt, kufupi ndi Kibuye, imatulutsa mamegawati 26. Komabe mantha a kuphulika kochitikira pansi pa nyanja penipeni sanathe, ndipo ndi amene anasamutsa mzinda mu 2021.

Loweruka pa 22 Meyi 2021, chakumadzulo, kumwamba kunafiira psuu, fungo la sulufule n'kudzaza mzinda, magetsi n'kuzima. Chenjezo panalibe. Poyamba panali chisokonezo, ena akuti laphulika ndi Nyamuragira, ndipo anthu anayamba kuthawa asanamve mawu a boma. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa: chiphalaphala chinatulukira m'ming'alu ya mbali yomwe ija ya kum'mwera, chigawo china n'kudula msewu wopita ku Rutshuru ndi mawaya a magetsi, china n'kutsika kulunjika ku mzinda. Chinaima ku Buhene, m'mphepete mwenimweni mwa Goma, chitameza nyumba zoposa 3,000. Anafa anthu oposa 30, ena pa ngozi ya galimoto pothawa, ena chifukwa cha mpweya woipa poyesa kuwoloka mwala wotenthawo.

M'mawa mwake anthu anayamba kubwerera poganiza kuti zatha, koma nthaka sinaleke kugwedezeka. Zivomezi mazanamazana zinang'amba misewu ndi makoma ku Goma ndi ku Gisenyi. Apa m'pamene maso a kumwamba anagwira ntchito yoposa kujambula zipsera. Dera limeneli limakhala ndi mitambo pafupifupi tsiku lililonse, moti kamera wamba nthawi zambiri imangojambula zoyera. Koma masetilaiti a radar, monga Sentinel-1 ya mayiko a ku Ulaya, amaponya mafunde amene amapyola mitambo, usana ndi usiku, n'kumvetsera kubwerera kwake. Akatswiri akayerekeza zojambula za maulendo awiri amatha kuona pamene nthaka yakwera, yatsika kapena yatanuka, ngakhale ndi masentimita ochepa. Zimene anaona, pophatikiza ndi makina oyezera zivomezi, zinali zoziziritsa nkhongono: mwala wosungunuka unali ukudziboolera njira pansi pa nthaka, mng'alu wa makilomita pafupifupi 25, wodutsa pansi pa Goma ndi Gisenyi pa kuya kwa pafupifupi theka la kilomita, kulowera pansi pa nyanja. Mbandakucha wa pa 27 Meyi bwanamkubwa wa chigawocho, mkulu wa asilikali Constant Ndima, analamula kuti madera khumi a mzinda asamuke. Anthu pafupifupi 400,000 anadzaza msewu wa ku Sake ndi wa ku Rwanda, ena kukanganirana maboti padoko. Ku Sake anagona m'matchalitchi ndi m'masukulu, madzi abwino akusowa. Mwalawo sunatulukire kumtunda. Unaima n'kuzizira pansi pomwepo, ndipo kumayambiriro kwa Juni anthu analoledwa kubwerera.

Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2022 m'magazini ya sayansi ya Nature anapeza kuti phirilo silinapereke zizindikiro zooneka mpaka mphindi zosakwana 40 lisanang'ambike. Nthiti zake zinangolephera kupirira kulemera kwa dziwe limene linali litakwera kwambiri. Zimenezi zimandipatsa maganizo awiri. Setilaiti imadutsa pakapita masiku, pomwe Nyiragongo amapereka mphindi, choncho chithunzi cha kumwamba chimatha kuuza boma kumene moto wabisala, koma sichingadzutse mayi wa ku Buhene kuti abereke mwana athawe. Ntchito imeneyo ndi ya anthu okhala pansi: a ku likulu loyang'anira mapiriwa, Observatoire Volcanologique de Goma, limene lili pa Mont Goma, ndi mawailesi, ndi atsogoleri a m'madera odziwa njira yothawira. Koma likulu limeneli linalowa m'chaka cha 2021 lili pa mavuto a ndalama, thandizo la World Bank litatha mu 2020, moti kwa miyezi linkavutika ngakhale kulipira intaneti yolandirira zimene makina ake akuyeza. N'kutheka kuti ngakhale likanakhala ndi zonse silikanaona kanthu msanga. Komabe n'zosamveka kuti anthu oposa miliyoni a mizinda iwiriyi agone m'tsinde mwa phiri lotere, owalondera akusowa mafuta a galimoto yokwerera kukayeza.

Dziwe la moto linabwerera m'chidzenje chaka chomwecho chisanathe, ndipo masetilaiti oyeza kutentha akuliona. Koma kuyambira 2022 chimene chinasintha kwambiri pa zithunzi za Goma ndi madontho oyera. Nkhondo ya gulu la M23 inathamangitsa anthu mazana a masauzande ku Rutshuru ndi ku Masisi, ndipo anadzamanga zisakasa za malona ku Kanyaruchinya, m'tsinde mwa phiri, ndi ku Bulengo ndi Lushagala cha ku Mugunga, pa mwala womwe uja wa 1994. Zikhomo za tenti sizilowa, motero lona amalipsinja ndi miyala. Kolera inabweranso. Ena mwa makampu a kumadzulo anali m'dera la mazuku.

Malo amenewa si achilendo kwa Amalawi. Asilikali athu anatumikira kum'mawa kwa Congo kuyambira 2013 m'gulu lapadera la United Nations, limodzi ndi a ku Tanzania ndi South Africa, ndipo anapitanso pansi pa SADC. Mu Januwale 2025, pa nkhondo yolimbirana njira zolowera mu Goma, atatu mwa iwo anaphedwa. M23 inalanda mzindawo kumapeto kwa mwezi womwewo, ndipo mu Febuluwale makampu ambiri aja anaphwasulidwa, anthu n'kuuzidwa kuti abwerere kumidzi kwawo, kumene ambiri anakapeza nyumba zogumuka ndi minda yolimidwa ndi ena. Njira zothawira moto mu Goma ndi zowerengeka: msewu wa kumpoto umene chiphalaphala chinaudula mu 2021, msewu wa ku Sake, chipata cha ku Rwanda, ndi maboti a pa nyanja. Bwalo la ndege, limene anthu analiswera mwala kwa zaka, linatsekedwa pa nkhondo ya mu Januwale 2025.